Chitseko cha Kum'mawa cha Mayi Ozella

Kuno ku Sand Mountain, kumpoto kwa Alabama, mukafunsa za Mayi Ozella Pruitt anthu adzakuuzani zinthu ziwiri: kuti chigumu chawo ndicho chimayamba kutha pa chakudya cha kutchalitchi, ndiponso kuti iwowo amayenda ngati munthu wolota ali maso. Chachiwirichi n'choona, koma musawanamizire ulesi. Munthu amene wakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri akudutsa pakati pa nkhuku zikwi makumi awiri ndi zisanu amaphunzira kukhwekhwereza mapazi osawanyamula, kuopa kuponda chamoyo. Mwendo ukazolowera suiwala. Ndiye kaya ndi m'sitolo, kaya ndi popita kukaimba kutsogolo Lamulungu, Mayi Ozella ankangoyenda mwakayakaya, pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Nkhuku sanakule nazo. Anabadwira m'tauni ya Fort Payne, m'kanyumba ka fakitale kopanda ndi bwalo lomwe, ndipo nkhuku yoyamba kuidziwa bwino inali yokazinga, ili m'mbale. Bambo awo ankaluka masokosi, mayi awo ankasoka masokosi, iwonso atangomaliza sukulu anakhala pa makina n'kumatseka kuzala kwa masokosi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Fakitaleyo inalibe zenera ndi limodzi lomwe. M'nyengo yozizira ankalowa kusanache n'kutuluka kutada, moti zakuti lero kunacha bwino ankazimva kwa anthu ngati nkhani ya kudziko lina. Makina akayamba kulira, mtima wawo unkanyamuka ulendo: kunyanja kumene sanafikeko, kuminda ya malalanje ya pa kalendala ya mu ofesi. Manja ankatsala akugwira okha ntchito, osalakwitsa. Kuyambira pamenepo anakhala munthu wa pawiri, manja kuno mtima uko.

Ntchito ya masokosi itasamukira kumayiko akutali, fakitale n'kutsekedwa, amuna awo, malemu Bambo Harlan, anabwera ndi nzeru.

"Ozella, anthu atha kusiya masokosi athu, koma ntchafu ya nkhuku sadzaisiya. Tiye kuphiri."

"Harlan, ine ndi nkhuku tidziwana bwanji?"

"Udzazolowera. Ine unandizolowera, nanji nkhuku."

Anamanga makola awiri pa munda wa makolo a bambowo. Ndikati khola musaganize kachisakasa. Lililonse n'lalitali masitepe mazana awiri, la malata, lotsekedwa mbali zonse. Kumapeto kwake kuli mafani akuluakulu okoka mpweya usana ndi usiku. Chakudya chimabwera chokha m'mapaipi, madzinso chimodzimodzi. Mababu ake amawafooketsa dala, kuwala kongokwanira kuti nkhuku ione pojompha, pakuti nkhuku yoona bwino imayendayenda, ndipo yoyendayenda sinenepa. Anapiye ndi a kampani, chakudya n'cha kampani, malamulo ndi a kampani. Alimi a kuno amaseka okha n'kumati nkhuku ndi ya kampani ikadali moyo, ikafa ndiye yako. Anapiye amafika atsiku limodzi, achikasu, akulira ngati kamvula ka pamalata. Pakatha masabata asanu ndi awiri amakhala atasanduka zinkhuku zoyera zolemera, ndipo anthu ogwira amabwera mumdima n'kuzitenga zonse. Kenaka amasesa, n'kuyambanso.

Nkhuku zimenezi zimakula mofulumira kuposa mmene mafupa ake angapirire. Chidali chimatsogola, miyendo ndi mtima n'kutsalira m'mbuyo. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni ya mlimi ndi kuyenda. M'mawa uliwonse Mayi Ozella ankatenga ndowa, n'kuyenda khola lonse kupita ndi kubwera, kutola zakufa. Zakufa si vuto. Vuto ndi zimene zili pakati. Ukaona nkhuku yagona chammbali, mwendo utatambasuka, phiko litayalika pansi, dziwa kuti imeneyo sidzafikanso pamadzi. Idzafa ndi ludzu masiku awiri anzake akuiponda. Chifundo chake n'chimodzi chokha: kuigwira miyendo ndi dzanja ili, mutu ndi dzanja ilo, n'kukoka kamodzi. Bambo Harlan anawaphunzitsa sabata yoyamba. Mayiwo analira tsiku limenelo, analiranso mawa lake, koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Patapita chaka manja anailanda ntchitoyo, monga anachitira ndi masokosi, ndipo mtima unabwerera ku maulendo ake.

Kunena zoona, m'kholamo munali mokoma kulotamo. Mdima wofiirira, fumbi likuyandama, mafani akung'ung'udza nyimbo yawo imodzimodzi, ndipo nkhuku zikupatuka patsogolo n'kutsekanso m'mbuyo ngati thovu. Bambo Harlan atamwalira, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, m'menemo ndi mmene mayiwo ankacheza nawo. Ankawauza za denga lodontha, za amene wakwatiwa ndi amene wathawa ukwati, ndowa ikulemera pamkono osaimva. Nkhanza analibe. Sanamenyepo nkhuku ndi phazi, sanalolepo madzi kuuma m'paipi. Koma mukanawafunsa kuti nkhuku imakonda chiyani, akanakuyang'anani ngati mwafunsa kuti sokosi imakonda chiyani.

Chaka chino mawondo anakana. Mayi Ozella, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi, anagwirizana ndi mwana wawo Twila kuti gulu la nkhuku la mu Malichi likhala lawo lomaliza, kenaka mgwirizano ndi kampani ulembedwe m'dzina la mwanayo. Twila ndi mayi wamkulu ndithu, wa ana awiri, woyendetsa basi ya sukulu, ndipo anali atauza kale akuluakulu ake kuti akusiya.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nkhukuzo zili ndi masabata asanu kunawomba chimphepo, nthambi ya paini n'kubaya khoma la khola loyamba, kusiya kabowo kolowa chala. M'mawa mwake Mayi Ozella akuyenda ndi ndowa yawo anaona zachilendo: nkhuku ngati makumi atatu zitazungulira malo amodzi, makosi atasololoka, zili zii. Pakati pake, pa utuchi, panali kadontho ka dzuwa kakang'ono ngati batani la malaya. Ina inkakajompha, n'kudzidzimuka poona kuti kakwera pamlomo pake. Kadonthoko kakasuntha, nazonso zinkasuntha. Mayiwo anaika ndowa pansi. Sakudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji, koma khofi amene anamusiya pa chitofu anapserera.

Anakasiya kabowoko masiku atatu. Tsiku lachinayi kunabwera Kendall, woyendera makola wa kampani, atavala ovolosi yake yoyera ndi mapulasitiki kumapazi.

"Mayi Ozella, kanema ameneyu mwayamba liti kuonetsa m'khola la kampani? Matikiti mukugulitsa?"

"Iwe Kendall, ndinakuphunzitsa Sande sukulu mamina ali chuchuchu, usandiyankhule ngati wapolisi. Taona mmene zikukayang'anira."

"Ndaona, mayi. Zikuyang'ana m'malo moti zidye. Mutseke lero lomwe."

"Kadzuwa kakang'onong'ono aka kakulakwira chiyani?"

"Ine sikanandilakwire. Koma polowa dzuwa palowanso mpheta, mpheta ibwera ndi chimfine cha mbalame, ndiye phiri lonse lino tigona ndi njala. Komanso mayi, musadzivutitse. Izi sizilidziwa dzuwa, amayi ake sanalidziwe, agogo ake sanalidziwe. Chimene sunalawe suchilakalaka."

"Nanga iwe mimba iyo, unalawa chiyani?"

"Chigumu chanu, mayi. Mlandu ndi wanu womwe."

Kendall si munthu woipa, ndipo za mphetazo sananame. Mayi Ozella anatenga phula n'kumata kabowoko ndi chala chawo. Kadontho kanazima. Chimene chinawalasa mtima n'chakuti nkhuku sizinabalalike. Zinatsala zitazungulira pomwepo, zikuyang'ana utuchi wopanda kanthu. Madzulo anakasuzumira, anapeza zina zikadali pamenepo.

Kuyambira tsiku limenelo maloto awo a masana anasintha njira. Kunyanja sanapitenso, ndipo Bambo Harlan anadikira nkhani osaimva. Akamatsuka mbale ankaona chitseko chachikulu cha kum'mawa, chija cholowera thirakitala, chitatseguka chokha, nkhuku zikukhuthukira pa msipu ngati zovala zoyera zouluka pachingwe. Zinkathamanga m'malotomo, zinkadumpha mpanda, zina zinkafika pansonga pa mitengo ya paini n'kumayang'ana chigwa chonse. Ankadziwa kuti n'zopusa. Nkhuku zawo masitepe atatu okha zinkakhala pansi kupuma. Koma chilakolako chimodzi chinamera mizu: zaka makumi awiri ndi ziwiri adyetsa nkhuku mamiliyoni, ndipo chimene anazipatsa mwa kufuna kwawo, chosalamulidwa ndi kampani, ndi imfa yofulumira basi. Ankafuna kuti asanatule ndowa azipatseko kanthu kamodzi kabwino. Ankafuna zione dzuwa.

Ogwira anali oti abwera Lachinayi la sabata yachisanu ndi chiwiri. Lachiwiri masana Twila anabwera kudzadya nyemba ndi chigumu, ndipo mayi ake anadikira kuti athire tiyi wozizira m'matambula asanaiyambe.

"Twila, nkhuku izi zipita mkuja zisanaone dzuwa."

"Amayi, musayambe."

"Kampata kokha, mwanangu. Kolowa mkono. Theka la ola."

"Mwaiwala za kukhola kwa a Tidmore? Mphepo itatsegula chitseko chija masana, nkhuku zinathawira pakona n'kuunjikana mpaka zikwi ziwiri kubanika. Bambo aja anatola mitembo mpaka msana kuuma. Izi kuwala zimakuopa, amayi, si za m'mabuku a ana."

"Ndidzatsegula mwaulemu."

"Mwaulemu! Nanga Kendall akamva mudzamuuza mwaulemu? Dzina langa pa pepala lija lidzafufutika inki isanaume. Ntchito ya basi ndasiya kale ine. Ana anga adzadya dzuwa?"

Mayi Ozella anadula chigumu china n'kumuikira mwanayo m'mbale. Twila ananena zoona zokhazokha, ndipo iwo anazimva zonse, koma anazimva ngati wailesi ya m'nyumba ya eni.

Lachitatu kunacha kopanda mtambo. Mame anali mbuu pa msipu, mitengo ya m'mbali mwa msewu itachita maluwa oyera. Mayi Ozella anayamba ndi ntchito, pakuti sanali munthu wodumpha ntchito: anayenda makola onse awiri, natola zakufa zisanu ndi zinayi, nathandiza zitatu kufa msanga. Atatero anabwerera m'khola loyamba. Za kwa a Tidmore sanaziiwale. Anapita pa kabokosi ka magetsi n'kuyamba kukweza mababu pang'ono, kudikira, kukwezanso pang'ono, kuti maso a nkhuku azolowere. Kenaka anayenda mpaka kumapeto kwa kum'mawa. Mpiringidzo unali utagwira dzimbiri. Anaugogoda ndi chidendene cha nsapato, nawerama, nakankha ndi phewa.

Chitseko chinalira, n'kutseguka kampata kolowa dzanja. Anakankhanso mpaka kolowa munthu chammbali.

Dzuwa linalowa ngati nsalu yaitali yoyalidwa pansi, kuchokera pakhomo mpaka pa nsanamira yachitatu. Fumbi lonse la m'kholamo linayaka golide. Kunja kunalowa fungo la udzu wonyowa. Ndipo nkhuku zikwi makumi awiri ndi zisanu zinakhala chete nthawi imodzi, chinthu chimene mayiwo sanachimvepo chiyambire. Zapafupi zinabwerera m'mbuyo, zikukankhana. Mayi Ozella anaima, dzanja lili pachitseko, okonzeka kutseka. Koma sizinathawe. Zinaima m'mphepete mwa kuwalako, mbali iyi ndi iyo, makosi atasololoka.

Kenaka inatuluka imodzi. Inali yaikulu, ya chidali chotakata, yothothoka nthenga kumimba monga zonse zimakhalira. Inayenda mopepesuka masitepe atatu, nipuma, niyendanso. Inaponda m'dzuwa. Nthenga zake zinawala mpaka mayiwo anatsinzina. Inaima pamenepo, mutu utapendekeka, diso limodzi likuyang'ana kumwamba kumene sinakuonepo.

"Thamanga, mwanawe," ananong'ona mayiwo. "Tuluka. Msipu uwo."

Nkhukuyo sinathamange. Inagwada, nigwera chammbali. Mwendo unatambasuka. Phiko linayalika pansi, nthenga zitanyankhalala, diso likutsekeka.

"Mayo ine, ndaipha! Dzuwa laiphulitsa mtima!"

Zotsatira zake sanaziganize. Manja amene anagwira ntchitoyi m'mawa uliwonse zaka makumi awiri ndi ziwiri sanadikire kufunsa mwini wake. Ili linagwira miyendo, ilo linagwira mutu. Pamene mtima unkafika pamalopo, zinali zitatha, mapiko akupalapata komaliza pa ovolosi yawo.

Atatukula maso anaona yachiwiri italowa m'dzuwa, nayonso n'kugwera chammbali. Yachitatu. Yachisanu. Khumi. Zinkalowa mbali zonse ziwiri n'kumagwa, miyendo tambasu, mapiko yalu. Twila ananena, Kendall ananena, ndipo Mayi Ozella ndi uchitsiru wawo apha khola lathunthu la kampani, apha ndi ntchito ya mwana wawo yomwe. Nkhuku yakufa ikadali kukhwapa, anawerama kuti agwire yachiwiri ija isavutike.

Chala chitangoikhudza, inadzuka. Inawayang'ana mokwiya, ngati munthu wodzutsidwa tulo tokoma, niyankhula kamodzi, nidzikung'untha fumbi. Inayenda masitepe awiri kulowera kumene dzuwa linali lambiri, nigonanso, tsopano mbali inayo, niyala phiko linalo.

Mayi Ozella anatsala chiweramire.

Anayang'anitsitsa tsopano, monga sanayang'anirepo nkhuku. Zidali zinkakwera ndi kutsika mwamtendere. Ina inkadzigudubuza mu utuchi wofunda, ikudzithira fumbi pamsana ndi phiko, nkumapalasa ndi mwendo umodzi mwaulesi. Ina inatsamira mutu pa msana wa inzake. Ndipo munali kaphokoso kena kapansipansi, kofewa, kochokera m'khosi, kamene sikanali kulira kwa njala, kapena kwa ludzu, kapena kwa mantha, mitundu itatu yokhayo imene iwo ankaidziwa. Palibe anaziphunzitsa. Amayi ake sanalidziwe dzuwa, agogo ake sanalidziwe, koma izo zinangofika n'kudziwa chochita nalo.

Mayi Ozella anakhala pansi pa utuchi womwewo, m'mphepete mwa kuwala, nkhuku yakufa ija ili pamiyendo. Inali yotentha mbali imodzi, mbali imene inayang'ana kudzuwa. Chisoni chimene chinawagwira sichinali cha nkhuku imodziyo yokha. Anaganiza za m'mawa wonse umene anayenda m'khola muno mtima uli kunyanja, osafunsa n'kamodzi komwe kuti zamoyo zimene zikupatuka kumapazi kwawozi zikadafuna chiyani. Analira osabisa, monga analirira sabata yoyamba ija.

Kabokosi ka pakhoma kamadziwa mpweya ukasintha m'khola, ndipo kamaimba kokha foni. Foni yake tsopano inali ya Twila. Sipanapite nthawi, galimoto inalira pa miyala ya pabwalo, chitseko chake n'kumenyetsedwa, mapazi n'kuthamanga kuzungulira khola.

"Amayi! Amayi, mwatani? Ndinakuuzani ine! Mwatipha!"

Twila anafika pa kampatako akupuma mwabefu, nagwira chitseko ndi manja awiri kuti akoke. Ataona nkhuku zili ngundangunda pansi anakuwa.

"Zafa zonsezi? Ambuye anga, zingati?"

"Usakuwe, uzidzutsa. Tayang'ana bwino."

Twila anayang'ana. Nayenso anakulira pa makola omwewa, nayenso anali asanaonepo. Anayang'ana nthawi yaitali, pakamwa pali yasa, mpaka nkhuku ina pafupi ndi phazi lake inatambasula mwendo, nitsinzinanso.

"Zikutani?"

"Zikuwothera dzuwa."

"Amayi, titsekebe. Kendall akhoza kudutsa."

"Dzuwa lisunthe kaye lichoke pa nsanamira iyo. Silichedwa."

Apo ndi pamene Twila anaona nkhuku ya pamiyendo pa mayi ake, khosi lili lende.

"Nanga iyo? Inali yodwala?"

Mayi Ozella anaisisita nthenga za pa phiko, kuzigoneka bwinobwino m'malo mwake.

"Ayi, mwanangu. Ndiyo inayamba kulowa. Ine ndimayesa ikufa. Zaka zonsezi, sindimadziwa kuti nkhuku ikakondwa imaoneka bwanji."

Twila anachotsa manja pachitseko. Analowa chammbali pa kampatako, akukhwekhwereza mapazi kuti asaponde, nakhala pansi pambali pa mayi ake.